Chipupa cha Kum'mawa cha Aphunzitsi Mbewe

Malemu amene tasonkhanira pano, Aphunzitsi Ezekieli Sandikonda Mbewe, anabadwa pa mudzi wa Msundwe, kunsi kwa phiri la Mphangwe, m'chaka cha 1887. Tsiku ndi mwezi sitikuzidziwa, pakuti nthawi imeneyo kunalibe wolemba. Chakachi tachipeza pofunsa akuluakulu, amene akukumbukira kuti pa nkhondo ya azungu ndi Angoni, mu Januwale 1898, malemu anali mnyamata woweta mbuzi wa zaka ngati khumi ndi chimodzi. Bambo awo anali a Kadango Mbewe. Mayi awo anali a Nangondo, oumba mbiya. Malemu anali achitatu kubadwa m'banja la ana asanu. Ine wowerenga mbiri iyi ndine Jailos Mbewe, mng'ono wawo, ndipo ndikuyankhula m'malo mwa banja.

Mafumu, akulu a mpingo, anamfedwa anzanga, ndi inu nonse mwabwera kudzatikhuza: ambiri mwa inu pofika m'mawa uno munalunjika kunyumba ya aphunzitsi, koma munapeza chitseko chili chotseka. Anthu anakulozerani kumsasa wa udzu uli kuseri kwa nkhokwe, ndipo mtembo munaupeza kumeneko. Mwadabwa, ndipo ena mwanong'onezana. Mwambo wa kuno tonse tikuudziwa, kuti munthu wamkulu akaikidwa, adzukulu amagwetsa nyumba yake. Koma pa chipupa cha kum'mawa cha nyumba iyo pali zinthu zimene makolo ambiri a m'mudzi muno sangapirire kuziona zitagwa. Banja landituma kuti ndinene mwatsatanetsatane chimene chinachitika, ndi chimene chichitike lero tikabwerako kumanda.

Ali mwana, malemu ankaperekeza mayi awo kokumba dongo. Kumeneko ndiko anaphunzira kusiyanitsa dothi pongolifinya m'manja: lina loumbira, lina lozirira nyumba, lina longosweka likauma. Kubusa ankaumba ng'ombe zadothi monga anyamata onse, kusiyana kwake kunali kwakuti zawo ankaziotcha, ndipo sizinkasungunuka ndi mvula.

M'chaka cha 1905 anapita ku Nyanje, kumene misoni inali itangoyamba, kukagwira ntchito youmba njerwa. M'mawa ankaponda matope, masana ankalowa sukulu. Anaphunzira kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera. Analowa kalasi ya ubatizo, ndipo pa 15 Novembala 1908 anabatizidwa, nalandira dzina la Ezekieli.

Mu Epulo 1909 anatumizidwa kuno ku Kamtedza kuti adzayambe sukulu ya m'mudzi. Sukuluyo inali chisakasa cha udzu. Ana anali opitirira makumi atatu, koma masileti anali ochepa kwambiri, motero ambiri ankalemba pansi ndi chala. Akangotembenuka, nkhuku ndi mbuzi zinkafufuta zonse. Malemu anaona kuti ana akatopa ndi zilembo ankajambula m'mbali mwake abuluzi, mbalame ndi anthu. Panali mwana wina amene zilembo zinkamukanika, koma tsiku lina anajambula mbuzi pafumbi, ndipo anzake onse anatchula mwini wake wa mbuziyo osauzidwa. Malemu sanamukalipire mwanayo. Anaimitsa phunziro naitana ena onse kuti adzaone.

Pa 20 Ogasiti 1910 anamanga ukwati woyera ndi Mayi Yunesi Nankhoma a m'mudzi muno. Chaka chomwecho anamanga nyumba ya ngodya zinayi, ya khonde lalikulu, imene ili apoyo. Mulungu anawadalitsa ndi ana anayi: Mirriam mu 1911, Christopher mu 1914, Christina mu 1917, ndi Lazarous mu 1921.

M'chaka cha 1912, sukulu itamangidwa ndi dothi, malemu anapatula masana a Lachisanu lililonse kuti akhale a ntchito za manja. Ana ankaumba, ankaluka timphasa, ankapanga ngolo ndi mapesi, ndipo ankajambula pa zipupa za sukulu. Sizinakhalitse. Woyendera masukulu wa nthawi imeneyo ananena kuti zipupa za sukulu ndi za zilembo ndi manambala basi. Akulu ena a mpingo nawonso anali ndi nkhawa, ati nyama zoumbazo zikhoza kukopera ana ku zinthu za kudambwe. Malemu sanatsutsane ndi munthu. Zoumba anazichepetsa, ndipo zojambula anazisamutsira kunyumba kwawo, ponena kuti pa zipupa za nyumba yawo woti amupemphe ndi mmodzi yekha, mkazi wawo. Mayi Yunesi analola, koma anaika lamulo lakuti mwana wa manja amatope asayandikire mtsuko wa madzi akumwa. Lamulo limenelo linasungidwa zaka zonsezi.

Kaphunzitsidwe kawo kanali kotere. Utoto ankapanga ndi ana omwewo. Wofiira unkachokera ku katondo wa kuchulu, wakuda ku makala osinja ndi mwaye, woyera ku phulusa losefa ndi dothi loyera la kumtsinje, wachikasu ku dothi la m'khwawa la kumadzulo kwa mudzi. Ankasakanizamo utomoni pang'ono kuti utotowo ugwire. Wobiriwira anayesa kuupanga ndi masamba a nyemba, koma unkasanduka wotuwa pasanathe mwezi, ndipo anausiya. Mbale za utoto zinali mapale. Zojambulira zinali timitengo totafuna kunsonga, zitsononkho ndi nthenga. Amayi a m'mudzi muno akukumbukira kudandaula kwawo kuti atambala a ku Kamtedza ayamba kuyenda opanda michira. Ndi nthawi imeneyo pamene malemu anapatsidwa dzina lakuti Aphunzitsi Amatope. Poyamba linali lowaseka, koma iwo ankaliyankha, mpaka linasanduka lawo.

Mwana aliyense ankapatsidwa malo ake pachipupa, otalika ngati mkono. Asanajambule ankayenera kuchiyang'ana chinthucho mokwanira. Ngati ndi mbuzi, ankaimangirira pakhonde. Ngati ndi mtondo, ankaubwereka. Ndipo malemu sanagwirepo dzanja la mwana kuti amukonzere, ngakhale kuwonjezera mzere umodzi pa chojambula cha mwana. Mwana akajambula galu wa miyendo isanu, ankangomutuma kuti akawerengenso miyendo ya galu wakwawo, abwere adzanene. Ena ankabwerako nakonza. Ena ankabwerako nanena kuti wawoyo amathamanga kwambiri, ndipo miyendo isanuyo inkatsala momwemo.

Chaka chilichonse mu Julayi, zokolola zitalowa m'nkhokwe, Mayi Yunesi ankazira zipupa zonse ndi dothi latsopano, ndipo zojambula za chaka chatha zinkakwiririka. Ana ankalira. Malemu ankawatonthoza ndi mawu amodzimodzi chaka ndi chaka, kuti chojambula chafufutika koma dzanja lomwe linachijambula lilipo, ndipo chaka chino lijambula bwino kuposa kale. Ana ankajambula kuyambira Ogasiti, ndipo mu Okutobala, mvula isanagwe, makolo ankaitanidwa kudzaona.

M'zaka za 1916 ndi 1917 amuna ambiri a m'mudzi muno anatengedwa kukanyamula katundu wa nkhondo, ntchito ija ya tengatenga. Malemu anatsala chifukwa sukulu inalibe mphunzitsi wina. Nthawi imeneyo anatsogolera ana kuumba mudzi wonse wa Kamtedza pabwalo la sukulu, nyumba ndi nyumba, nkhokwe ndi makola omwe. Pakhomo pa nyumba iliyonse imene bambo wake anali kunkhondo ana anaikapo kamwala koyera, ndipo bamboyo akabwera, mwana wake ndiye ankakachotsa. Timiyala tina sitinachotsedwe.

Mu Julayi 1918 zipupa zinaziridwa monga mwa nthawi zonse. Chipupa cha kum'mawa chinapatsidwa kwa ana aang'ono, a zaka zisanu ndi chimodzi kufikira khumi. Makolo anabwera kudzaona chakumapeto kwa Okutobala. Mu Novembala matenda a fuluwenza analowa m'mudzi muno. Sukulu inatsekedwa. Sindifotokoza za masabata amenewo, pakuti ambiri muli pano munawaona ndi maso. Anthu ankaikidwa mofulumira, ena awiri m'dzenje limodzi, ndipo lero pali makolo amene sangaloze malo enieni pamene pagona mwana wawo. Mwa ana amene anajambula pachipupa cha kum'mawa, asanu ndi anayi anamwalira. Mmodzi wa iwo anali Mirriam, mwana woyamba wa malemu, amene anatisiya pa 2 Disembala 1918 ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri.

Mwana wamng'ono sasiya munda, sasiya nyumba. Kansalu kake amapita nako. Ana amenewa chimene anasiya ndi chimene chili pachipupacho. Mirriam anajambula nkhanga, ndipo madontho ake anawadinda ndi nsonga ya chala chake, kotero kuti kukula kwa chalacho kukuoneka mpaka lero. Regina, mwana wa Mayi Martha, anajambula mayi ake akusinja, munsi uli wautali kuposa munthu. Solomoni, mwana wa a Gibson Sakala, anajambula bambo ake atasenza bokosi pamutu, chifukwa nthawi imeneyo anali ku tengatenga. A Sakala anabwerako mu Febuluwale 1919, napeza mwana wawo ataikidwa kale. Malemu anawatenga n'kukawaonetsa chipupa. A Sakala anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati mwanayo anawapatsa miyendo yoonda kwambiri. Atatero anayang'ana miyendo yawo momwe inalili pobwera kunkhondo, nanena kuti mwanayo sananame. A Sakala ali nafe pano, ndipo andilola kunena zimenezi.

Mu Julayi 1919, nthawi yozira itakwana, Mayi Yunesi anatuta dothi naliunjika pakhonde. Anazira chipupa cha kumpoto, cha kumadzulo ndi cha kumwera. Atafika kum'mawa anaima. Malemu nawonso anawapempha kuti pamenepo asiye. Mwana wina wasukulu anawakumbutsa mawu awo aja akuti dzanja lilipo, ndipo iwo anayankha kuti manja a pachipupa ichi kulibe. Kuyambira chaka chimenecho ana atsopano akhala akujambula pa zipupa zitatu, zimene zimaziridwa chaka ndi chaka. Chachinayi sichinakhudzidwenso.

Kusunga chipupa cha dothi zaka zisanu ndi zitatu si ntchito yaing'ono. Mu 1919 malemu anatalikitsa khonde la kum'mawa kuti mvula yamphepo isamafike. Udzu wa mbali imeneyo ankausintha chaka chilichonse, ngakhale mbali zina zikudontha. Mu 1923 chiswe chinalowa kunsi kwa chipupa. Anakumba ngalande, nathiramo phulusa, nasintha mizati iwiri popanda kugwedeza dothi. Makolo ankabwera popanda kuitanidwa. Mayi Martha popita kumadzi amadzera njira ya kuseri kwa nyumbayo, ngakhale ndi yozungulira, ndipo amaima pang'ono asanapitirire. A m'nyumbamo anaphunzira kusawapatsa moni pa nthawi imeneyo.

Mu 1924 woyendera masukulu watsopano anaona ntchito za ana, nazikonda, nalola kuti zizichitikanso kusukulu. Malemu anathokoza, koma kujambula kunapitirirabe kunyumba, chifukwa ana anali atazolowera khonde.

Matenda awo anayamba mu Febuluwale chaka chino cha 1926 ndi chifuwa chosatha. Anapitiriza kuphunzitsa mpaka kumapeto kwa Malichi. Pa 12 Epulo tinawanyamula pamachila kupita nawo kuchipatala cha misoni, kumene anatiuza kuti ndi chifuwa chachikulu ndipo chafika patali. Anabwerera kuno pa 20 Meyi, atalangizidwa kuti azigona malo ofunda, osapitidwa mphepo.

Kumayambiriro kwa Juni malemu anaitanitsa akuluakulu a mudzi pamodzi ndi mkulu wa mpingo, a Evaristo Mwale. Anawauza poyera kuti akudziwa kuti sachira, ndipo anapempha kuti iwo akapita nyumba yawo isagwetsedwe, chifukwa cha chipupa cha ana. Akuluakulu anamva chisoni, pakuti ena mwa iwo ali ndi adzukulu awo pachipupacho. Koma anayankha kuti nyumba imene munthu wamkulu watsirizikiramo sinasiyidwepo chiimire m'mudzi muno, kaya ya Mkhristu kaya ya wakunja, ndipo ikasiyidwa anthu adzaiopa, imfa iliyonse yotsatira adzailoza pamenepo. A Mwale anati mpingo sulamula kugwetsa, komanso sungakakamize mudzi. Pamenepo malemu anakumbutsa akuluakulu za amuna amene anafera ku tengatenga: nyumba zawo sizinagwetsedwe, ndipo akazi awo akukhalamo mpaka lero. Akuluakulu anavomera kuti ndi zoona, popeza amunawo sanafere m'nyumbazo. Malemu anathokoza, ndipo msonkhano unathera pomwepo. Palibe amene anazindikira tsiku limenelo chimene iwo anali atatsimikiza mumtima.

M'mawa mwake anapempha anyamata amene anali ana asukulu awo kale kuti awamangire msasa kuseri kwa nkhokwe. Mayi Yunesi anakana. Anawakumbutsa malangizo a kuchipatala, anawakumbutsa kuti ino ndi nyengo yozizira, ndipo anati ataya kale mwana mmodzi, safuna kuti chipupa chiwalande ndi mwamuna yemwe masiku ake asanakwane. Anatuma mthenga kwa ine, ndipo ndinabwera kudzawathandiza kuletsa. Tinalephera tonse. Malemu anati masiku awo ndi owerengeka kale, kusiyana kwake ndi kochepa, koma nyumba ikagwa Mirriam ndi anzake afa kachiwiri, ndipo amene adzawaphe ndi mphunzitsi wawo pofuna kufunda. Ananenanso kuti ngati sitiwanyamula, akwawa okha.

Lolemba pa 14 Juni tinawanyamula. Anapempha kuti tidzere kum'mawa kwa nyumba, ndipo tinawaimika pamenepo kanthawi. Atatuluka tsiku limenelo sanalowenso m'nyumbamo. Mayi Yunesi anatseka chitseko, anapereka ana kwa achemwali awo, natenga mphasa yawo n'kukakhala ndi amuna awo kumsasa. Anatchinga mbali ya mphepo ndi mphasa ziwiri ndi chikopa, anasonkha moto osauzimitsa, ndipo chofunda chawo chomwe anafunditsa odwala. Chifuwa chimene mukuwamva nacho lero anachitengera kumeneko.

Ndikunena izi momveka chifukwa pali mawu amene ayenda. Abale ena ochokera kwathu ku Msundwe atafika kudzazonda matenda napeza odwala ali mumsasa, anaganiza kuti mlamu wathu anawatulutsa m'nyumba poopa chifuwa. Mawuwo afika mpaka kumidzi ya kutsidya. Si zoona. Mboni zilipo: a Evaristo Mwale, a Gibson Sakala, anyamata amene anamanga msasa, ndi ine. Sitibisanso kuti kuzizira kwa mumsasa kunafupikitsa masiku awo. Wothandiza wa kuchipatala amene anabwera kudzawaona pa 28 Juni anatiuza zimenezo, ndipo malemu anamva ndi makutu awo, koma sanasinthe maganizo. Ife a kuchimuna tilibe mlandu ndi Mayi Yunesi. Tili ndi kuthokoza kokha, ndipo tikupempha kuti mawu aja athere pano.

Lachisanu lililonse la masabata amenewo ana ankabwerabe. Ankakhala patali pang'ono ndi msasa, monga tinalangizidwa, n'kumaumba, ndipo aliyense ankakweza chake m'mwamba kuti aphunzitsi achione. Mawu anali atawathera, koma ankaloza ndi chala chimene mwana ayenera kukachiyang'ananso. Lachisanu lomaliza, pa 2 Julayi, anakumbutsa Mayi Yunesi kuti mwezi wozira wakwana, ndipo zipupa zitatu zija zisadikire iwo.

Anatisiya dzulo, Lachinayi pa 8 Julayi 1926, dzuwa litangotuluka, Mayi Yunesi atawagwira dzanja. Anali ndi zaka ngati makumi atatu ndi zisanu ndi zinayi. Anaphunzitsa m'mudzi muno zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

Dzulo masana akuluakulu a mudzi, a kuchimuna, a kuchikazi, adzukulu ndi akulu a mpingo anakhala pansi. Panali ena amene anati nyumba imene munthu anamanga ndi manja ake ndi yake basi, kaya wafera kuti. Nkhaniyo inatenga nthawi, ndipo aliyense anamvedwa. Chimene anagwirizana, ndipo andituma kuti ndilengeze, ndi ichi. Malemu anatsirizikira mumsasa, ndipo mtembo watulukira mumsasa. Tikabwerako kumanda, adzukulu agwetsa msasawo. Nyumba siikhudzidwa. Mwambo wa kumeta ukatha, Mayi Yunesi ndi ana adzatsekula chitseko n'kulowamo. Udzu wa khonde la kum'mawa, umene malemu sanathe kuusintha chaka chino, a Gibson Sakala ndi makolo anzawo alonjeza kuti aufolera mvula isanagwe, ndiponso zaka zikubwerazi.

Malemu asiya mkazi wawo, Mayi Yunesi Nankhoma. Ana atatu, Christopher, Christina ndi Lazarous. Mlongo wawo mmodzi, a Mary, amene ali ku Msundwe ndipo alephera kuyenda. Ndi ine mng'ono wawo. Makolo athu ndi abale athu awiri anatsogola kale.

Banja likuthokoza mafumu ndi akuluakulu chifukwa chomva pempho la munthu amene sangathenso kudzinenera. Tikuthokoza akulu a mpingo, a kuchipatala amene anayesetsa, anyamata amene ananyamula machila ulendo wopita ndi wobwera, amayi amene ankatuta nkhuni ndi madzi kupita nazo kumsasa, adzukulu amene akonza manda, ndi ana asukulu amene m'mawa uno asesa khonde lonse osatumidwa ndi munthu.

Ponyamuka pano sitidzera njira yachidule. Onyamula maliro adzera kum'mawa kwa nyumba, ndipo aima pamenepo pang'ono. Tikupempha kuti makolo a ana asanu ndi anayi aja apatsidwe malo kutsogolo, ndipo pasakhale wotsamira kapena kukhudza chipupa, pakuti dothi lake ndi lakale.

Achimwene, Aphunzitsi Ezekieli Sandikonda Mbewe, chipupa chija chaima. Pitani mukapume. Mulungu amene munamutumikira akulandireni, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere.